Mbozi yokulunga masamba a therere ndi thonje: tipopere kapena tithyole?

Mayi a Tadala: Odi pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumalima therere lobala. Kudimba kwanga kuno ku Salima masamba ayamba kupiringizika, ena akulungika ngati ndudu ya chingambwe n'kumangolendewera. Ndikatambasula ndikupezamo kambozi kobiriwira, ka mutu wakuda, ndi tizitosi takuda tambirimbiri. Ukangokakhudza kamaphiriphitha n'kudziponya pansi. Ndigule mankhwala anji? Therere langoyamba kumene kubala.

Jekete: Mayi, ngati ndi mphalabungu tiuzeni tibwere ndi mchere kkkk

Mayi a Tadala: Iwe mwana iwe, ine ndikulira iwe ukuseka.

Mlimi wa ku Ngabu: Mayi musavutike. Imeneyo ife a thonje timaidziwa. Gulani cypermethrin mupopere m'mawa, nkhani yatha. Mukachedwa mupeza mitengo yokhayokha yopanda tsamba.

Gogo NaBanda: Mwana wanga, usanathamangire kusitolo tandiuza, masamba okulungikawo achuluka bwanji? Ndi mtengo uliwonse kapena ndi apa ndi apo?

Mayi a Tadala: Agogo, si paliponse ayi. Achuluka cha kumapeto kwa dimba kumene kuli mthunzi wa mango. Kumtunda kowomba dzuwa ndi limodzilimodzi.

Nachisale: Mayi a Tadala, pa zimene mwafotokozazi, imeneyo ndi mbozi ya kagulugufe ka usiku kamene m'mabuku kamalembedwa kuti Haritalodes derogata. Mabuku akale a thonje amati Sylepta derogata, koma ndi kamodzimodzi. Anayamba kukalemba ndi katswiri wa tizilombo wa ku Denmark, Fabricius, mu 1775. Sikathu kokha ayi, kali mu Africa muno, ku India, ku China, mpaka ku Australia ndi zilumba za Pacific, kulikonse kofunda kumene kumamera thonje ndi abale ake.

Kagulugufeko n'kakang'ono, kakatambasula mapiko ndi pafupifupi masentimita 3. Mapiko ake ndi oyera mopita kuchikasu, okhala ndi timizere tabulauni tokhotakhota. Masana kamabisala kunsi kwa masamba, ndiye mukagwedeza mtengo kamauluka pang'ono n'kukateranso pafupi. Mazira kamaikira usiku kunsi kwa tsamba. Timbozi tikangoswa kumene sitikulunga tsamba ayi, timayamba tapala kunsi kwake titafunda ulusi wopyapyala. Ikakula ndi pamene imacheka tsamba chakufupi ndi phesi, n'kukoka mbali yochekayo ndi ulusi wochokera kukamwa. Ulusiwo ukamauma umafupika, ndiye tsamba limangobwera lokha mpaka kukulungika. Mbozi imakhala m'katimo, imadya m'katimo, zitosi m'katimo. Nthawi zambiri imasanduka chikwa chofiirira momwemo, ina imatsikira m'zinyalala zapansi. Kukatentha, kuyambira dzira mpaka kagulugufe kena ndi pafupifupi mwezi umodzi.

Zoti zachuluka kumthunzi sizikundidabwitsa, imakonda malo otero ndi mbewu zothithikana.

Jekete: Achemwali mwatilowetsa m'kalasi popanda fizi

Mlimi wa ku Ngabu: Zasukulu tamva, zikomo. Koma funso la mayi linali la mankhwala. Dzina lachilatini silipha mbozi.

Nachisale: Zoona bambo, koma khalidwe lake ndi limene likutiuza chochita. Cypermethrin amapha akakhudza chilombo. Nanga mbozi ili m'kati mwa tsamba lokulungika imukhudza bwanji? Mankhwala anyowetsa kunja kwa tsamba, iyo ili phee m'kati. Zofa msanga ndi zimene zili poyera: akangaude, mavu, njuchi zobwera ku maluwa a therere.

Mlimi wa ku Ngabu: Mwana wanga, ine thonje ndayamba kulima iwe usanabadwe. Ndikapopera mbozi zimagwa, ndimaziona ndi maso anga.

Mlangizi Wopuma: Ndilowepo pang'ono. Nonse awiri mukunena zoona, kungoti minda yanu ndi yosiyana. A ku Ngabu, inu mumapopera thonje motsatizana chifukwa cha mbozi za m'mabolo, zipatso za thonje zija, ndiye iyi yokulunga masamba imafera momwemo ikadali yaing'ono, isanamange nyumba. N'chifukwa chake pa thonje losamalidwa bwino sitinkaiwerengera ngati mdani wamkulu. Adani enieni a thonje ndi mbozi zoboola mabolo, yofiira ija ndi inzake imene imadyanso chimanga ndi tomato, kenako nsabwe ndi tizilombo todetsa thonje likayamba kuphulika. Yokulunga masambayi inkavuta m'minda yosiyidwa ndi ya m'mphepete mwa mitengo.

Koma dimba la Mayi a Tadala ndi nkhani ina. Thonje sitidya. Therere lobala mumathyola pakangopita masiku awiri kapena atatu, apo ayi limakhwima n'kukanika kudula. Botolo lililonse la mankhwala limalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole. Ndani amadikira therere likukhwima m'munda, ogula akudikira pamsika? Palibe. Mapeto ake mankhwala amapita mumphika wa anthu.

Mayi a Tadala: Apo mwalasa bambo. Ine ndimathyola pafupipafupi, ena ndimagulitsa, ena ana anga amadya.

Gogo NaBanda: Ndiye chimene ndimafunsira chija. Ngati ndi kumthunzi kokha, tenga chidebe m'mawa dzuwa lisanakwere, uyende mzere ndi mzere. Tsamba lokulungika lisinike ndi zala, umva kuti phwa. Lomwe ladyeka kwambiri lithyole uponye m'chidebe. Ukafika kunyumba khuthulira nkhuku, zidzatambasula zokha. Osataya masambawo m'mphepete mwa dimba, mbozi imayenda, ibwereranso.

Jekete: Agogo kusinika mbozi ndi zala? Ine nsima sindingadyenso tsiku limenelo

Gogo NaBanda: Ndiye uzigula ndiwo kumsika mpaka ukalambe.

Achimwene a ku Chipata: Muli bwanji onse. Kuno ku Eastern Province thonje timalima kwambiri, ndipo ka mbozi aka tikaona maka mvula ikamagwa mosalekeza, munda ukathithikana. Ine funso langa ni lakuti, kuthyola na manja kungatheke pa dimba ya mizere ingapo, nanga pa hekitala ya thonje? Ungathyole mpaka liti?

Mlangizi Wopuma: Pa hekitala simungathyole, achimwene, ndipo sitinkauza alimi kutero. Tinkawaphunzitsa kuyendera munda sabata iliyonse, kudutsa chopingasa, kuima pa mbewu zotalikirana n'kuwerenga mazira ndi mbozi, makamaka za m'mabolo. Chiwerengero chikakwera ndiye mupopere, chikakhala chochepa sungani ndalama. Vuto lathu alimi timaona tsamba lokulungika lili patali n'kuyamba mantha, pomwe mbozi ya m'bolo imene ikudya ndalama yeniyeni sitikuiona. Tsamba lokulungika limaoneka moopsa kuposa mmene limawonongera. Thonje ndi therere zikakula zimapirira kutaya masamba angapo, zimaphukanso. Poopsa ndi pamene mbewu ili yaing'ono, kapena masamba ambiri a mtengo umodzi atha nthawi ya maluwa.

Mlimi wa ku Ngabu: Pamenepo ndiye ndikukana pang'ono bambo mlangizi. Kuno kuchigwa kukatentha, chilombo chilichonse chimaswana mothamanga. Chaka china mnansi wanga anati tiyeni tidikire, pomwe amadzidzimuka chigawo chonse cha kumtsinje chinali mitengo yokhayokha, mabolo anafota osakhwima. Kudikira kuli ndi mtengo wakenso.

Mlangizi Wopuma: Sindikukana, zimachitika. Koma kudikira kopanda kuyendera munda si kumene ndikunena. Mnansi wanuyo akanamalowa m'munda n'kumatembenuza masamba, akanaona timbozi tikadali poyera, nthawi imene mankhwala amagwira bwino. Akapopera atakulunga kale ndiye kuwononga madzi ndi msana.

Nachisale: Ndiwonjezerepo chinthu chimodzi chimene ambiri sitiyang'ana. Mayi a Tadala, mawa mukamatambasula masambawo muonetsetse. Ena mupezamo mbozi yofooka kapena yofa kale, pambali pake pali tizikwa toyera tating'onoting'ono tomamatirana. Amenewo ndi ana a timavu tating'ono timene timaikira mazira m'thupi la mbozi. Timphutsi take timadya mboziyo m'kati, kenako timatuluka n'kuluka tizikwa timeneto. Tsamba lotero musalisinike, musapatse nkhuku, lisiyeni pomwepo. M'menemo mutuluka asilikali anu aulere. Muonanso mavu akuluakulu omanga zisa pamakoma akuyendayenda pamasamba, amakhala akusaka mbozi zoti akadyetse ana awo. Mukapopera mwachisawawa, amenewa ndi oyamba kutha, ndipo pambuyo pake nsabwe za m'masamba zimabuka popanda wozigwira.

Mayi a Tadala: Tizikwa toyerato ndinationa dzulo! Ndimayesa mazira a mbozi yomweyo.

Nachisale: Ayi mayi, mazira ake ndi ang'ono kwambiri, athyathyathya, amakhala kunsi kwa tsamba, ovuta kuwaona ndi maso.

Bambo a Yamikani: Ndikuwerenga mwachidwi ndili kuno ku Zomba. Ine sindilima therere koma mpanda wanga ndi wa maluwa a hibiscus, ndipo masamba ake akuchita zomwezi. Kodi ndi chilombo chomwechi kapena china?

Nachisale: N'kutheka kwambiri kuti ndi chomwechi, bambo. Thonje, therere lobala, chidede ndi maluwa anuwo ndi banja limodzi la zomera, mukayang'ana duwa lake muona kufanana. Kagulugufe kameneka kamazungulira m'banja lomwelo. Ndiye amene mumabzala therere m'mphepete mwa munda wa thonje dziwani kuti mwakatsegulira khomo lachiwiri. Koma si tsamba lililonse lokulungika limene ndi ntchito yake. Nyemba ndi soya zili ndi mbozi yakeyake yomata masamba, ndipo ku Asia alimi a mpunga amalimbana ndi ina, Cnaphalocrocis medinalis, imene imapinda tsamba la mpunga mulitali n'kupala chobiriwira chake, munda n'kumaoneka mbuu. Zonsezi ndi zapachibale koma chilichonse chili ndi mbewu zake.

Jekete: Ndiye kuti ngakhale mbozi zili ndi mitundu ndi mafuko kkkk

Admin: Jekete, tiyeni tisunge nkhani. Ena akufuna thandizo lenileni.

Mlimi wa ku Ngabu: Chabwino, mwakana cypermethrin pa therere, ndamva. Koma mayiwa akapeza kuti kuthyola kwawakanika, azingoyang'ana? Tipatseni china.

Gogo NaBanda: Ku Salima nimu ali mbwee, mpaka m'misewu. Atole njere zakupsa, aumitse pamthunzi, asinje, aviike m'madzi usiku wonse. M'mawa asefe ndi kansalu kuti sipuleya isatsekeke, athiremo tisopo pang'ono kuti madzi amamatire patsamba. Njere zili ndi mphamvu kuposa masamba. Apopere madzulo, ndipo alunjike kunsi kwa masamba kumene timbozi tatsopano tili.

Mlangizi Wopuma: Agogo anena bwino, koma ndichenjeze kuti anthu asadzati tinawanamiza. Nimu sagwetsa mbozi pompo. Amaichititsa kuleka kudya ndi kulephera kufundula khungu, ndiye imafa pang'onopang'ono pakapita masiku. Dzuwa limamuthetsa mphamvu msanga, mvula imamutsuka, choncho pamafunika kubwereza. Amene anazolowera kuona chilombo chikugwa nthawi yomweyo amati nimu ndi bodza.

Palinso mankhwala opangidwa ku kachilombo ka m'dothi, Bacillus thuringiensis, amene amangoti Bt. Amenewo mbozi iyenera kudya tsamba lopoperedwa kuti ife, ndipo savulaza mavu, njuchi kapena munthu. Nawonso amagwira bwino pa mbozi zazing'ono ndipo amapoperedwa madzulo. Mukawapeza m'sitolo ya zaulimi, onani kuti botolo ndi losatsegula ndipo lili ndi chizindikiro chake. Mankhwala othira m'timabotolo ta zakumwa ogulitsa pamsika asiyeni, simudziwa chimene chili m'katimo. Ku Bvumbwe kuli bungwe la Pesticides Control Board, ndi limene limavomereza mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno.

Mayi a Tadala: Nanga ombwe? Apongozi anga amathira pa mpiru.

Gogo NaBanda: Ombwe amagwira, koma dimba lako lili pafupi ndi madzi? Umenewo ndi womwe anthu ankaphera nsomba kale. Usatsukire sipuleya pachitsime kapena mumtsinje.

Mayi a Tadala: Lili m'mbali mwa dambo agogo, ana amawedzamo milamba. Ndiye ombwe ayi.

Achimwene a ku Chipata: A ku Ngabu, ndimamva kuti kwanu mukulima thonje la Bt. Nanga ka mbozi aka kakuchita bwanji pa mbewu imeneyo?

Mlimi wa ku Ngabu: Pa imeneyo masamba okulungika ndimawaona mwa apo ndi apo, ndipo kupopera mbozi kunachepa, sindinama. Koma mbewu yake ndi yodula achimwene, ndipo chaka chilichonse uyenera kugula yatsopano. Mtengo wa thonje pamsika ukagwa, umangogwira m'chiuno. Nsabwe nazo sizinachoke, timapoperabe.

Nachisale: N'zomveka. Thonje limenelo linaikidwa mphamvu yochokera ku kachilombo komwe a mlangizi atchula kaja, ndiye limalimbana ndi mbozi zokha. Zoyamwa madzi a mbewu monga nsabwe sizikhudzidwa. Kuyesa kwake kunayambira ku Bunda mu 2013, boma lisanalole kuti alimi azibzala. Kale mbewu zathu zinkachokera ku Makoka, ku Zomba, monga Makoka 2000. Nkhani ya mtengo wa mbewu ndi mkangano wina wautali, tikaiyamba pano Admin atithamangitsa.

Admin: Mwadziwa bwino achemwali. Imeneyo tidzaitsegulira tsiku lake.

Mlangizi Wopuma: Chimodzi chimene palibe watchula. Mbozi zimenezi chilimwe zimakhala kuti? Zimadikira m'zinyalala zapansi, m'mitengo ya thonje yosazulidwa imene yaphukanso, ndi m'therere lakalamba limene mwalisiya litaima kudimba. Lamulo loti thonje lizulidwe ndi kutenthedwa tikatha kukolola analiikira makamaka mbozi za m'mabolo, kuti pakhale miyezi yopanda chakudya chawo, koma iyinso imavutika nalo. Mayi a Tadala, therere likaleka kubala musalichitire chisoni. Zulani, sesani masamba ogwa, limani pamenepo, ndipo ulendo wotsatira bzalanipo china chosakhala cha banja limenelo, kaya anyezi, kaya chimanga chachiwisi.

Mayi a Tadala: Cha kumangoko ndiye kuli mitengo ya therere la chaka chatha imene ndinasiyira mbewu. Mwina ndi kumene zachokera.

Mlangizi Wopuma: Kololani mbewu yanuyo, mitengo ichoke. Mupatulirenso pamene pathithikana kuti mphepo idutse. Nthambi za mango zotsika mungathe kusadzako.

Bambo a Yamikani: Nanga ine wa mpanda? Maluwa sindidya, ndingopopera?

Gogo NaBanda: Bambo, mpanda umadulidwa. Tengani chikwanje mumete nsonga zokulungikazo, mutenthe. Uphukanso bwino kuposa kale.

Jekete: Funso lenileni tsopano, osati nthabwala. Kadziwotche amene amadzaza pa babu usiku ndi yemweyu? Tikayatsa getsi kudimba sitingathane naye?

Nachisale: Ena mwa iwo angakhale yemweyu, amabwera ku kuwala, koma pa babu pamasonkhana mitundu yambiri. Akatswiri amatchera nyali pamwamba pa beseni la madzi a sopo kuti adziwe ngati agulugufe ayamba kuchuluka, ndiye amadziwiratu kuti posachedwa mbozi ziswa. Kuti nyali imodzi ithetse vuto, ayi. Imaphanso tizilombo tothandiza, ndipo mwina mungoitanira a m'madimba a anzanu kubwera kwanu.

Jekete: Komanso kudimba batire angabe usiku womwewo

Mlimi wa ku Ngabu: Pa zozula mitengo ndigwirizana nanu bambo mlangizi, koma muuze anthu zoona zake. Iwe uzule, utenthe, mnzako wa munda woyandikana asiye wake kuti mbuzi zizidya mphukira. Chaka chamawa mbozi zimayambira kwa iye n'kuwolokera kwa iwe. Kale alangizi ankayenda ndi njinga m'midzi kuona ngati tazula, mfumu inkalipiritsa nkhuku. Lero ndani akuyenda?

Achimwene a ku Chipata: Chimodzimodzi kuno. Munthu akuti nizule bwanji pamene ng'ombe zilibe msipu.

Mlangizi Wopuma: Alangizi alipo ochepa, dera limodzi mabanja ochuluka, sangafike munda uliwonse. Koma m'makalabu a thonje mumagwirizana za ngongole ya mbewu ndi tsiku la msika. Gwirizananinso tsiku lozula, mudziwitse amfumu, osazula asalembedwe pa mbewu ya chaka chamawa.

Mlimi wa ku Ngabu: Vuto ndi lakuti wosazulayo ndi mlamu wawo wa amfumu.

Gogo NaBanda: Ndiye mukayankhule ndi akazi awo a amfumuwo, osati eni ake.

Mlimi wa ku Ngabu: Agogo, mlamuyo ndi mchimwene wawo wa mayiwo. Kalabu ikumana Loweruka, ndikaikweza nkhaniyi pamaso pa onse, aliyense amve yekha.